Mwala Wochita Maluwa ndi Maina a Zomera za Kwathu

M'miyezi ya June ndi July, pamene chiperoni chafunditsa Soche ndi Ndirande ndipo anthu a ku Limbe akupita ku Misa ya m'mamawa atapinda manja m'khwapa, pa matanthwe a m'mapiri a chigawo chino pamaoneka moto wosatentha. Ndiwo maluwa ofiira a chinthembwe, chomera cha masamba onenepa ndi aminga m'mbali, chimene ana a masiku ano amangochitcha alovera. Chimamera pamene palibe dothi loti munthu nkudzalapo ngakhale phando limodzi la chimanga. Udzu utauma, mitengo itayoyola masamba, icho ndiye chimayamba kudzikongoletsa, ndipo timbalame ta milomo yaitali timasonkhana kudzayamwa timadzi ta m'maluwa ake. Ambiri a ife timachipitirira osachipenya kawiri. Komatu mtundu wina wa chomerachi uli ndi dzina lolembedwa m'mabuku a dziko lonse la pansi, ndipo dzinalo ndi la mzungu amene adali pa ntchito ya kampani ya Mandala. Kuti timvetse m'mene zidakhalira chotero, tiyambire kutali pang'ono, ku chipululu cha ku South Africa, kumene munthu wina adatola mwala naupeza kuti uli ndi mizu.

Munthuyo adali William Burchell, Mngelezi wokonda zachilengedwe. Kuyambira chaka cha 1811 mpaka 1815 adayenda pa ngolo yokokedwa ndi ng'ombe mtunda woposa makilomita 7,000, nasonkhanitsa zomera, zikopa, tizilombo ndi zina zoposa 50,000. M'chaka choyamba cha ulendowo, ali kufupi ndi kumene lero kuli tauni ya Prieska, adaona pakati pa nsangalabwi kamwala ka maonekedwe achilendo. Adawerama kuti akatole, koma kamwalako kadakanirira pansi. Adaona kuti kadali kamoyo, kofanana ndi miyala yoyandikana nako pa mtundu ndi pa maumbidwe omwe. Akulu athu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Pamalo amenewo padadutsa apaulendo ambiri ofulumira, koma uyu yekha ndiye adawerama nalemba zimene adaona.

Chomera chimenechi chimadabwitsa ndithu. Thupi lake lonse ndi masamba awiri okha, onenepa, olumikizana kunsi, ndipo pakati pake pali mng'alu. Anthu olankhula Chiafrikaans adaona kuti chikufanana ndi chiboda cha ng'ombe, nachitcha beeskloutjie. Mbali yaikulu ya masambawo imakwiririka m'dothi, pothawa dzuwa ndi mphepo youma, ndipo chimene chimaonekera ndi pamwamba pokha. Pamwambapo pali ngati zenera: kuwala kumalowera pamenepo nkutsikira m'kati mwa tsamba lodzaza madzi, kukafika pa mbali yobiriwira imene ili pansi pa nthaka, kumene chakudya chimapangidwa. Tiziboo topumira timene zomera zambiri zimatsegula masana, ichi chimatsegula usiku kukazizira, kuti madzi asathawe. Chaka ndi chaka m'kati mwa mng'alu muja mumaphuka masamba awiri atsopano, ndipo amakula poyamwa madzi a masamba akale, kufikira akalewo atauma ngati chikopa cha pepala. Palibe dontho lotayika. Nyengo yake ikakwana, pa mng'alu womwewo pamatuluka duwa loyera kapena lachikasu, lalikulu mwina kuposa chomera cheniyicho, ndipo limatseguka dzuwa litapendeka. Ndiyo nthawi yokha imene mwalawo umadziulula.

Kupeza kudatenga kanthawi kochepa, koma kutcha dzina kudatenga zaka zoposa zana. M'chaka cha 1821 katswiri wina wa ku England, Adrian Haworth, adachiika chomera cha Burchell m'banja lalikulu lotchedwa Mesembryanthemum. Ndipo mu 1922 nkhalamba ya zaka zoposa 70, Nicholas Edward Brown, amene adagwira ntchito moyo wake wonse pa munda wotchuka wa zomera wa Kew ku London, adaona kuti zomera zofanana ndi miyalazi ziyenera kukhala ndi mbumba yawoyawo. Adatenga mau awiri a Chigriki, lithos ndiye kuti mwala, ndi ops ndiye kuti nkhope kapena maonekedwe, napanga dzina loti Lithops. Lero ikudziwika mitundu yoposa 30, ku Namibia, ku South Africa ndi ku Botswana. Koma popeza Burchell sadasiye umboni wokwanira wa chimene adatola, akatswiri adatsutsana zaka zambiri za mtundu weniweni wa kamwala kake koyamba kaja. Mfundo imeneyi tiisunge, pakuti tikumana nayonso pafupi ndi kwathu.

Tinene mosabisa kuti miyala yamoyoyi simera yokha m'tchire la Malawi. Mvula yathu ya January ingaioletse sabata isanathe. Koma Namalenga sadatimane zomera zodziwa kusunga madzi m'masamba ndi kupirira pa tanthwe, ndipo mbiri ya kutchedwa maina kwa zomera zimenezo idutsa pakati penipeni pa mzinda wa Blantyre.

Pamene amishoni a Church of Scotland adamanga misasa yao pano mu 1876, natcha malowa dzina la mudzi wobadwira David Livingstone, pakati pao padali mlimi wa m'munda dzina lake John Buchanan. Amishoni aja adali ndi chidwi chachikulu ndi mbeu. Mu 1878 mnzake Jonathan Duncan adabwera ndi timitengo ta khofi kuchokera ku munda wa zomera wa ku Edinburgh. Kamodzi kokha ndiko kadapulumuka, ndipo ulimi woyamba wa khofi m'mapiri a Shire udachokera pa kamtengo kameneko. Mbiri ya Buchanan siyoyera monse ai. Mu 1881 adachotsedwa pa mishoni pamodzi ndi ena, akuluakulu a mpingo wao atafufuza nkhani ya zilango zankhanza zimene anthu akuda ankalandira pamenepo. Adapita ku Zomba kukalima khofi, ndipo mu 1889, ali wogwirizira udindo wa kazembe, ndiye adalengeza kuti dera lino lili m'manja mwa Britain. Koma pa zaka zonsezo sadaleke kuthyola masamba ndi maluwa, kuwaumitsa pakati pa mapepala ndi kuwatumiza ku Ulaya. Mu 1895 katswiri wa ku Kew, John Gilbert Baker, adatcha chinthembwe china cha masamba opyapyala, chomera pakati pa udzu wa m'mapiri athu, dzina loti Aloe buchananii. Chaka chotsatira Buchanan adamwalira ku Chinde, ku mathiriro a Zambezi, ali pa ulendo wobwerera kwao.

Ife amene tidavutika ndi Chilatini ku seminale timamwetulira tikaona timalemba tiwiri ta kumapeto kwa dzinalo. Timalembato timasonyeza umwini. Aloe buchananii ndiye kuti chinthembwe cha Buchanan, monga tinganenere munda wa a Phiri. Ndi mwambo umene udakhazikika kuyambira mu 1753, pamene Carl Linnaeus wa ku Sweden adayamba kupatsa chomera chilichonse maina awiri, la mbumba ndi lakelake.

Nkhani yokoma koposa ndi ya chinthembwe chofiira. Amene adafikapo pa Mandala akudziwa nyumba yakale yosanja ija, yomangidwa mu 1882, imene idali likulu la African Lakes Corporation, ndipo lero m'chipinda chake chapamwamba muli nkhokwe ya mabuku ya Society of Malawi. Ngakhale dzina loti Mandala lili ndi mbiri yake: anthu a kuno ndiwo adatcha John Moir, mmodzi wa oyang'anira kampaniyo, chifukwa cha magalasi amene ankavala m'maso. Kutcha maina sikudali kwa mbali imodzi yokha. Makolo athu nawonso ankayang'anitsitsa alendo nkuwapatsa maina oyenera. Mmodzi wa antchito a kampaniyo, Kenneth Cameron, m'zaka za m'ma 1890 adatumiza ku Kew chomera chamoyo. Chidayenda ulendo wonse wa pa Shire, pa Zambezi ndi pa nyanja yamchere popanda kuthiriridwa mokwanira, ndipo chidafika chili moyo, pakuti kupirira ludzu ndiyo ntchito yake. Ku London adachiika m'nyumba yagalasi nadikira. Katswiri sangatche dzina chomera asanaone duwa lake, monganso sitidziwa mtengo bwino usanabale. Chidachita maluwa mu 1903, ndipo William Botting Hemsley adachifotokoza m'magazini yakale ya zomera yotchedwa Curtis's Botanical Magazine, pamodzi ndi chithunzi chojambula pamanja, nachitcha Aloe cameronii.

Lero chomera chimenechi chili m'minda ya maluwa ku California, ku Australia ndi kwina kutali, ndipo amachikonda chifukwa cha masamba ake amene amasanduka ofiira ngati mkuwa dzuwa likawomba ndi madzi akachepa. Chikathiriridwa kwambiri ndi kukhala pamthunzi chimangokhala chobiriwira ngati zinzake. Chimameranso chokha ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku Mozambique. Koma taonani: malo enieni pamene Cameron adachizula sadalembedwe. Dzina la mzungu lidasungidwa, dzina la phiri lidatayika. Padapita zaka pafupifupi zana kuti munthu wina wokonda zomerazi, Theo Campbell-Barker, alondole mapazi a Cameron m'makalata akale, ndipo iye adafika pa ganizo lakuti padali pa kaphiri ka ku Namadzi, pa njira yathu yopita ku Zomba.

Nafenso Akatolika tili ndi wathu m'mbiri imeneyi. Bambo László Menyhárth, wansembe wa chipani cha Ajezuwiti wochokera ku Hungary, adabadwa mu 1849, ndipo asanabwere ku Africa adali kale mphunzitsi wodziwa zomera za kwao. Mu 1890 adafika pa mishoni ya Boroma, kumtunda kwa Tete m'mbali mwa Zambezi, zaka 11 Abambo a Montfort asanafike ku Nzama. Pakati pa ntchito ya kuphunzitsa ana ndi kulalika, ankayeza mvula ndi kutentha tsiku ndi tsiku, ndiponso ankasonkhanitsa zomera za m'chigwa chotenthacho. Adamwalira ku Zumbo mu 1897 asanakwanitse zaka 50. Chaka chotsatira Baker yemwe uja adatcha chinthembwe cha masamba amawangamawanga dzina loti Aloe menyharthii, ndipo chimenechi chimamera ndi kuno komwe kumwera kwa Malawi. Mu 1905 Hans Schinz wa ku Zürich adasindikiza mndandanda wa zomera zimene wansembeyu adatola. Sitikaika kuti pamene ankawerama pa duwa, Bambo Menyhárth ankaona kuti akuwerenga buku lina la Mulungu, lolembedwa popanda inki.

Tsono apa mpamene pagona funso limene latichititsa kulemba. Kodi nzoona kuti anthu amenewa ndiwo adapeza zomerazi? Pamene Cameron ankakwera kaphiri kake, m'munsi mwake mudali midzi. Amai a m'midzimo adadziwa kuti madzi a tsamba la chinthembwe ngowawa, adadziwa pothira pa bala la moto, ndipo asing'anga adadziwa zina zambiri zimene sankauza aliyense. Wina adatsogolera mzunguyo njira, wina adakumba, wina adasenza bokosi pamutu kutsetsereka nalo ku dooko la pa Shire. Maina a anthu amenewa sali pa chomera chilichonse cha izi. Burchell tingamuyamikire pang'ono, chifukwa m'buku la ulendo wake adalemba maina a Akhoikhoi amene adayenda naye, monga Speelman ndi Juli, nawajambula nkhope zao. Koma ambiri a osonkhanitsa zomera sadaganize kuti wosenza katundu angakhale ndi dzina loyenera kulembedwa. Chimodzimodzi mkungudza wa pa Mulanje, umene udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984: m'mabuku ukutchedwa Widdringtonia whytei, pokumbukira Alexander Whyte amene adakwera phirilo mu 1891, ngati kuti iye asanafike mtengowo udalibe woudziwa.

Buku la Genesis, pa mutu wachiwiri, likusimba kuti Mulungu adabwera ndi nyama ndi mbalame kwa munthu woyamba kuti aone maina amene azitche. Ntchito yotcha maina idaperekedwa kwa Adamu, ndiye kuti kwa anthu onse, osati kwa fuko limodzi lodziwa Chilatini. Makolo athu adaigwira ntchitoyo mokhulupirika: mtengo uliwonse, udzu uliwonse, bowa uliwonse udali ndi dzina, ndipo m'dzinamo mudali chenjezo kapena malangizo. Ife ansembe tisafulumire kuloza chala akatswiri a ku Kew, chifukwa m'mabuku athu akale a ubatizo muli zofanana. Padali nthawi imene mwana wofika pa chitsime cha ubatizo ali Chifundo kapena Mavuto ankachokapo ali Pankrasio, ndipo dzina la kumudzi silinkalembedwa konse. Woyera Pankrasio sadalakwe kanthu; chidalakwika ndicho kuganiza kuti dzina limene agogo adatcha silingalowe m'buku. Lero timalemba onse awiri, ndipo palibe chimene Eklezia wataya.

Komabe chilungamo chitikakamiza kunena mbali inayo. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Dzina limodzi loti chinthembwe timatchulira mitundu yambiri yosiyana, ndipo ukawoloka mtsinje kapena kulowa m'dera la chinenero china dzinalo limasintha. Lamulo la akatswiri nlakuti dzina latsopano lisalandiridwe popanda kufotokoza chomeracho m'malemba osindikizidwa, ndiponso popanda chitsanzo chouma chosungidwa pamalo odziwika, kuti wokaika aliyense akachione ndi maso ake. Nchifukwa chake tsamba limene Buchanan adathyola lingathe kuonedwa mpaka lero, pamene nzeru za agogo amene adamuonetsa zidapita nawo kumanda. Kufikira mu 2011 kufotokozako kunkayenera kukhala m'Chilatini. Kuyambira mu 2012 Chingelezi chidaloledwanso. Padalinso alendo amene adamvetsa kufunika kwa maina athu. Mai Jessie Williamson adalemba zomera zothandiza za dziko lino ndi maina ake a m'zinenero zathu mu 1955, ndipo bukulo lidakonzedwanso mu 1975. Mai Blodwen Binns adatulutsa buku la maina a zomera za m'Malawi ku Zomba mu 1972. Brian Morris, amene adayamba ngati mlimi wa tiyi ku Thyolo, adakhala pansi ndi asing'anga nalemba za mankhwala a Achewa mu 1996. Ndipo kuyambira mu 1987 tili ndi bungwe lathulathu losunga zomera ku Zomba, la National Herbarium and Botanic Gardens, kumene ana a dziko lino akugwira ntchito imene kale inkachitikira makamaka kunja.

Kutcha maina sikudathe ndi nthawi ya atsamunda. Campbell-Barker uja adapeza m'mapiri a Senga, kufupi ndi Salima, chinthembwe chimene sichidalembedwepo. Amene adachifotokoza mu 2001 ndi Bambo Stewart Lane, wansembe wa Anglican amene adatumikira zaka zambiri kuno ku Blantyre, yemwenso mu 2004 adatulutsa buku lozindikiritsa mitundu ya chinthembwe ya m'Malawi. Pofuna kulemekeza mnzakeyo adachita nthabwala ya anthu ophunzira: popeza dzina loti Barker pa Chingelezi limamveka ngati wouwa, chomeracho chidatchedwa Aloe canis, ndipo canis pa Chilatini ndi galu. Nchomera chosowa kwambiri, chodziwika pa kadera kakang'ono. Ku Namibia nako, mwala wamoyo wina waung'ono zedi udapezeka mu 2004. Desmond Cole, amene adali mphunzitsi wa zinenero za Chibantu pa yunivesite ya Witwatersrand ndipo pamodzi ndi mkazi wake Naureen adatha zaka makumi akuyendera miyala yamoyo, sadaupatse dzina la munthu mmodzi. Adautcha Lithops amicorum, ndiye kuti mwala wa abwenzi, pokumbukira gulu lonse limene lidali pa ulendowo. Mwa maina onse amene tatchula, ili ndilo latikomera.

Chimene chikutidetsa nkhawa nchakuti dzina lingathe kutsala chomera chitapita. Ku South Africa, kuyambira cha m'ma 2019, akuba akhala akuzula tizomera ta m'chipululu tamtundu umenewu miyandamiyanda, kukagulitsa kwa okonda maluwa a kutsidya kwa nyanja, kotero kuti akatswiri tsopano amabisa malo amene apeza mtundu watsopano. Kwathu kuno mdani si wakuba wochokera kutali. Amene adaona phiri la Ndirande lisanametedwe m'zaka za m'ma 1990 akudziwa chimene tikunena. Mitengo ikatha pamabwera khasu, kenaka nyundo ya oswa miyala, ndi moto wa osaka mbewa chaka ndi chaka. Sitikuweruza mai amene akuswa miyala m'mbali mwa mseu kuti ana ake adye. Umphawi ndiwo wamukwezetsa phiri. Koma tanthwe likasweka, chomera chimene chidakhala m'mng'alu mwake zaka zosawerengeka chilibe kothawira. Ndipo m'mwezi wa March 2023, pamene namondwe Freddy adagumula mbali ya phiri la Soche nakwirira nyumba za abale athu ku Chilobwe, tidaona ndi misozi kuti tsoka la phiri silikhala la zomera zokha.

Pakali pano chimene chadzaza m'zitini ndi m'matayala akale pa makonde a ku Chilomoni, ku Bangwe ndi ku Zingwangwa kawirikawiri ndi alovera weniweni, Aloe vera, amene kwao nku Arabia ndipo adafalikira dziko lonse chifukwa cha malonda a mankhwala ndi mafuta odzola. Tidafunsapo ana a katekisimu tsiku lina kuti atchule dzina la Chichewa la chomera chimene chidali pakhomo pa tchalitchi. Onse adayankha pamodzi kuti alovera. Amene adakumbukira dzina lina adali agogo amene ankasesa pabwalo. Adaimika tsache, nalitchula, nawonjeza kuti cha pakhomocho nchachilendo, chifukwa cha kwao ku Chiradzulu masamba ake amafiira m'chilimwe, ndipo ali mtsikana ankathyola maluwa ake kuti ayamwe timadzi totsekemera pobwerera kotola nkhuni.